Mlandu wa Chithokomiro cha Mfumu Salakwa

Ufumu wa Tavomera uli kuseri kwa mapiri a Musafunse, ndipo amene anafikako amati ndi dziko labata kwambiri, chifukwa aliyense amene anali ndi mawu anawameza kalekale. Likulu lake ndi Gwadani. Kumeneko n'kumene kunkakhala Lusiyano Kamtedza, bambo wamfupi, wadazi, wa zikhatho zotambalala ngati malichero. Zikhatho zimenezo ndizo zinkamudyetsa. Ntchito yake kunyumba yachifumu inali yoyambitsa kuwomba m'manja. Mfumu Salakwa ikamaliza kulankhula, Lusiyano ankawomba kaye yekha, kenako bwalo lonse n'kutsatira. Sinali ntchito yamasewera. Amene ankaigwira iye asanabwere anawomba m'manja mfumu itangoima kuti iyetsemule, ndipo mpaka lero akuweta abakha kumalire.

Mkazi wake Edinesi, amene aliyense ankamutcha Anagama, anali ndi tiyirumu pamsika wa Nong'onong'o. Mwana wawo Tiyanjane anali atakwatiwa. Lusiyano sankalakalaka zambiri pa moyo. Ankangofuna kudzapuma pantchito manja ake onse ali pamalo pake.

Chaka chimenecho mfumu inayamba kusintha. Inkadya ngati dzombe, koma n'kumaonda. M'mwezi wa Juni, anthu atadzikulunga m'mabulangete, iyo thukuta linali kamukamu. Manja anali njenjenje, maso ali tong'o, ndipo mtima unkagunda mpaka mamendulo a pachifuwa n'kumalira okha. Kupsa mtima ndiye musanene. Malamulo ankatuluka m'kamwa mwake ngati ngumbi mvula yoyamba ikagwa.

Asing'anga a m'dzikomo anaiyeza n'kupeza kuti sikudwala, pakuti lamulo limati mfumu sidwala. Koma tsiku lina thalauza lachifumu linasowa pogwira n'kutsika lokha pamaso pa akazembe a mayiko ena. Apo nduna zinagwirizana zoitana Dokotala Felesiya Chimphonda, mayi amene anaphunzira kunja ndipo anali asanazolowerenso kumeza mawu. Anaiyeza mfumu, anatenga magazi, ndipo atapeza chimene ankafuna, anaitanidwa kuti adzanene bwalo lonse likumva.

"Mwinizonse," anatero dokotalayo, "vuto lili pakhosi panu. Pamenepo pali chiwalo chotchedwa chithokomiro. Tonse tili nacho. Chimatulutsa timadzi totchedwa mahomoni, timene timayenda m'magazi n'kumauza thupi liwiro loyendera. Chanu chikutulutsa mopyola muyezo, n'chifukwa chake thupi likuthamanga ngati njinga yopanda mabuleki pamtsetse."

"Muyezowo amachiuza ndani?" inafunsa mfumu.

"Kachiwalo kena, kali pansi pa ubongo, kakang'ono ngati nzama. Kamalawa magazi monga mmene mayi amalawira ndiwo. Mchere ukachepa, kamatumiza uthenga kukhosi kuti, onjezera. Ukakwana, kamati, basi, ndipo chithokomiro chimaleka. Thupi lonse limayenda motero. Mukadya, shuga n'kukwera m'magazi, kapamba amatulutsa insulini womutsitsa. Shuga akatsika, kapamba amaleka. Mukaona njoka, tiziwalo ta pamwamba pa impso timatulutsa mahomoni a mantha kuti muthawe. Njoka ikapita, timaleka. Kwa inuyo, kanzama kaja kakukuwa kuti basi, basi, koma chithokomiro chasiya kumva."

Mfumu inaweramira kutsogolo.

"Kanzama kameneka anakaika paudindo ndani?"

"Palibe, Mwinizonse. Thupi limadzilamulira lokha."

"Limatani?"

"Limadzilamulira lokha."

Nduna ya Zachitetezo inagwetsa chipewa, ndipo inaopa kuchitola.

"Langa lokha, kapena la aliyense?"

"La aliyense, Mwinizonse. Ngakhale la wogulitsa makala."

"Ndiye mukundiuza kuti m'dziko langa muli timaboma tochuluka ngati anthu anga, tikutumizirana mauthenga, uku tikuonjezera, uku tikuchepetsa, ndipo palibe ndi kamodzi komwe kanabwerapo kudzagwada pano?"

"Mankhwala alipo, Mwinizonse, timapilisi..."

"Mankhwala a chiwembu ndi ndende!"

Dokotala Chimphonda anatengedwa nthawi yomweyo kupita kundende ya Zizirani, pa mlandu wodziwa za chiwembu kwa zaka zambiri osanena.

Nthawi yonseyi Lusiyano sankamvetsera za nzama. Ankatchera khutu kuti amve pamene mawu a mfumu athere, ndipo monga mwa chizolowezi chake, ankagwedeza mutu potsatira kayendedwe ka mawuwo. Maso otong'oka aja anamupeza.

"Iwe wadazi. Ndakuona ukugwedeza mutu. Wamva zonse?"

Ku Tavomera funso la mfumu lili ndi yankho limodzi.

"Ndamva, Mwinizonse."

"Kuyambira lero ndiwe Nduna Yoona za Mahomoni. Uwaike pamzere."

Palibe amene anawomba m'manja, chifukwa woyambitsa anali atangoti kakasi. Patapita kanthawi, Lusiyano anadzidzimuka n'kudziwombera yekha, bwalo n'kutsatira.

M'mawa mwake galimoto ya zimkuzamawu inazungulira Gwadani yense kulengeza lamulo latsopano. Mantha aziloledwa pokhapokha mfumu ili pafupi. Shuga azikwera Lamlungu pokha. Anyamata asamere ndevu kapena kukulitsa mawu asanapemphe kuboma. Mkaka wa amayi oyamwitsa uzituluka pa nthawi ya nkhani za pawailesi, kuti ana azikula akumva za chitukuko. Ndipo thukuta linaletsedwa m'miyezi yozizira, kupatula lachifumu. Undunawo unapatsidwa asilikali akeake, otchedwa Alonda a Magazi, aliyense ndi ndodo kudzanja ili, kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi kudzanja linalo.

Pamsika wa Nong'onong'o anthu analandira lamulolo mwaulemu wonse.

"Anagama, ndipatseni tiyi," anatero a Sandalamu, wogulitsa nyama ya mbuzi. "Shuga muthire ndithu, koma mumuuze akakhale pansi mpaka Lamlungu."

"Kapamba wanu mwamudziwitsa?" anafunsa Anagama akuthira.

"Ndamuuza. Akuti alibe wailesi."

Mayi wina wogulitsa tomato anali pakhomo, khanda likulira kumsana mpaka kusasa mawu.

"Uyu ndamufotokozera kuti nkhani sizinayambe," anatero akumasula nsalu. "Akuti akasuma." Anakhala pansi n'kuyamba kuyamwitsa, kwinaku akung'ung'udza nyimbo yoyambira nkhani kuti alonda akadutsa asavute.

Madzulo ake Lusiyano anafika kunyumba pa galimoto ya unduna, mbendera ikupepera. Anagama anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi.

"Bambo a Tiyanjane, mahomoniwo munayamba mwawaonapo?"

"Ayi."

"Nanga muziwalamula bwanji?"

"Nduna ya Zamvula munamvapo kuti mvula yaimvera? Koma taonani mimba yake. Tiyeni tingodya, mayi a Tiyanjane, mphepo ikadali kuno."

Akanadya ndithu, pakanapanda zaka za Anagama. Anali atafika msinkhu umene mkazi amasiya kupita kumwezi, ndipo thupi lake linali litayamba zachilendo. Ali phee, kutentha kunkangobuka pachifuwa, kukwera kukhosi mpaka kunkhope, ngati wina watsegula uvuni wa buledi m'kati mwake. Pakapita kanthawi kunkazilala kokha. Sikunkasankha malo, ndipo sikunkadziwa kuti mwamuna wake ndi nduna.

Pa Tsiku Lothokoza Mfumu, m'mwezi wa Julayi, akazi a nduna anawakhazika kutsogolo kwenikweni pabwalo lamasewera. Kunali chisanu choluma makutu. Mfumu ili pakati pofotokoza mmene boma lagonjetsera ndevu zosaloledwa, uvuni uja unatseguka. Thukuta linayenderera pamphumi pa Anagama, n'kutsika m'masaya. Anayang'ana uku ndi uku kufuna chodzikupizira, ndipo chimene chinali m'manja mwake ndi chithunzi cha mfumu chimene aliyense anapatsidwa polowa. Anayamba kukupiza. Nkhope yachifumu inkapita kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, bwalo lonse likuona.

Amene anamugwira anali Alonda a Magazi, ndipo podutsa naye anaima kaye n'kuchitira sawatcha mwamuna wake.

Mlandu unapita kwa Woweruza Wamkulu, a Dulani, bambo amene sanayambe wamasulapo munthu chifukwa ankati n'kutaya nthawi ya apolisi.

"Mayi, n'chifukwa chiyani munatuluka thukuta m'mwezi woletsedwa?"

"Ndikusiya kusamba, bwana."

A Dulani anatseka mphuno ndi mpango.

"Mukuvomera ndi pakamwa panu kuti munasiya kusamba, n'kupita kukakhala pafupi ndi mfumu?"

"Si kusamba kwa sopo, bwana. Mukawafunse akazi anu, tinabadwa chaka chimodzi."

Anamuonjezera mlandu wachiwiri, woulula zaka za mkazi wa woweruza. Chigamulo chinali chakuti akakhale ku Zizirani mpaka mahomoni ake atapepesa.

Lusiyano anathamangira kunyumba yachifumu, anagwada, koma asanatsegule pakamwa mfumu inamusisita dazi ndi dzanja lonjenjemera.

"Ndakunyadira. Nduna yabwino imayamba kusesa m'nyumba mwake. Ena onsewa akanapempha chifundo."

"Inde, Mwinizonse," anatero Lusiyano.

Lamlungu lotsatira anapita kundende ndi buledi ndi nthochi. Anapeza kuti mkazi wake ali chipinda chimodzi ndi Dokotala Chimphonda. Anagama anali atakhala pasimenti, msana atatsamira khoma.

"Kuno ndiye kukuzizira bwino," anatero. "Boma likanandibweretsa kalekale."

Koma Lusiyano anaona kuti masaya alowa, ndipo mpango wa kumutu, umene sankalola kuti ukhale ndi banga, unali wakuda. Mkaziyo anatsitsa mawu.

"Munditulutse, bambo a Tiyanjane. Mwana uja ali ndi pakati, miyezi yatha. Apongozi ake aja mukuwadziwa, sangathe kusamala ndi mwana wa mphaka yemwe. Ndikufuna ndikakhalepo."

Lusiyano anatembenukira kwa dokotala.

"Adokotala, palibe njira yoti mahomoniwa apepese? Ngakhale pang'ono chabe, zongoonetsera?"

"Alakwa chiyani?" anayankha Dokotala Chimphonda. "Mazira a mayiwa amaliza ntchito yawo, mahomoni ake atsika. Kanzama kaja kakukuwabe kuti onjezera, koma kulibe woyankha. Thupi likufunafuna muyezo watsopano, ndipo liupeza lokha pakapita nthawi. Amene muyenera kuda naye nkhawa ndi bwana wanu. Mtima suthamanga mpaka kalekale. Tsiku lina utopa. Ndipo ukatopa, mukuganiza kuti adzafunsa nduna iti?"

Lusiyano anasendera pafupi ndi dokotala.

"Mapilisi munkanena aja amatani?"

"Amachigwira manja chithokomiro kuti chisamatulutse zambiri. Kamodzi m'mawa uliwonse, basi. Koma angamwe bwanji munthu amene sadwala?"

Sabata yomweyo mfumu inaitanitsa nduna zonse. Inali itaonda kwambiri moti chisoti chinkaima ndi makutu.

"Tamanga ndevu, tamanga thukuta," inatero, "koma mtsogoleri wa zigawenga akadali mfulu." Inaloza pakhosi pake. "Chithokomiro chizengedwe mlandu."

Tsiku la mlandu kunavuta kupeza pokhazika woimbidwa mlandu. Pamapeto pake akalipentala anakhoma kampanda ka oimbidwa milandu kuzungulira mpando wachifumu. A Dulani anapezeka ndi ntchito iwiri nthawi imodzi: anayenera kugwada chifukwa cha nkhope, n'kumakalipa chifukwa cha khosi.

"Iwe chithokomiro!" anakuwa ali chigwadire. "Ukuimbidwa mlandu woukira boma, wokana kumva, ndiponso woondetsa katundu wa dziko. Ukuvomera kapena ukukana?"

Chithokomiro sichinayankhe.

"Mwano," anatero a Dulani. "Bwalo laona."

Pamenepo mfumu inameza malovu, ndipo chotupa cha pakhosi chinakwera n'kutsika.

"Chikuthawa!" inakuwa Nduna ya Zachitetezo. Asilikali anatseka zitseko zonse ndi mawindo omwe.

Mboni ya boma inali kanzama ka pansi pa ubongo. Anakaitana katatu, sikanabwere. Bwalo linagamula kuti popeza kali m'mutu wa mfumu, sikangalakwe, ndipo anakapatsa mendulo ya kukhulupirika, imene mfumu inailandira m'malo mwake. Kenako a Dulani anapereka chigamulo. Ku Tavomera chilango cha woukira boma n'chimodzi, ndipo iwo anachitchula mwachizolowezi, monga mmene munthu amayankhira moni.

"Chinyongedwe."

Mawuwo atangotuluka, a Dulani anawamva okha, ndipo nkhope yawo inachita phulusa. Koma mfumu inali itadzuka kale, maso akuwala.

"Chilungamo! Chinyongedwe Loweruka, dziko lonse likuona. Wokoka chingwe akhale Nduna ya Mahomoni."

Aliyense m'bwalomo anaona pamene panali vuto. Koma mfumu inali italankhula, ndipo dzina lake linali Salakwa.

Kumsika nkhaniyo inafika nduna zisanafike kumakomo kwawo.

"Khoswe wakhala pamkhate," anatero a Sandalamu akunola mpeni. "Tione woponya mwala."

Ogulitsa zingwe anasonyeza kukonda dziko lawo kuposa wina aliyense. Anabwera kuofesi ya Lusiyano mmodzimmodzi, aliyense ndi chingwe chake chaulere, n'kumamutsimikizira kuti chimenechi chinakokapo lole m'matope osaduka.

Lusiyano chakudya chinamukana. Akakoka chingwe, wapha mfumu, ndipo wopha mfumu anyongedwa. Akakana, wanyoza lamulo la mfumu, ndipo wonyoza lamulo anyongedwanso. Kulikonse kumene ankayang'ana kunali chingwe, ndipo mkazi wake anali adakali pasimenti ku Zizirani. Anapita kwa nduna zinzake kukapempha nzeru, koma zonse zinali zitapita kumaliro a azakhali.

Loweruka bwalo lamasewera linadzaza kuposa tsiku lina lililonse m'mbiri ya dzikolo, ngakhale kuti boma silinatumize malole okatenga anthu. Ena anakwera m'mitengo. Nkhalamba zimene zinali zitasiya kuyenda zinabwera pa mawilibala. Mfumu inakwera yokha makwerero a ponyongera, monyada, ikuperekeza mkaidi wake. Inaima pansi pa mtanda, inakweza chibwano, n'kunena kuti:

"Nduna, gwira ntchito yako."

Lusiyano anayandikira ndi chingwe. Pamenepo tiziwalo ta pamwamba pa impso zake tinagwira ntchito popanda kufunsa unduna, ngakhale kuti mwamwayi mfumu inali pafupi, choncho mantha anali ololedwa. Mtima unagunda m'makutu. M'kamwa munauma gwa. Maso anayamba kuona chilichonse, ngakhale ntchentche imene inatera pamendulo ya kanzama. Miyendo inkafuna kuthawa, koma kothawira kunalibe, ndiye liwiro lonselo linathamangira kumutu. Anaponya chingwe pansi n'kugwa chogwada.

"Mwinizonse! Chingwe n'chifundo!"

"Wati chiyani?"

"Chigawenga ngati ichi chife kamodzi n'kukapuma? Chimene chakuzunzani chaka chonse? Ayi, Mwinizonse! Chitsekeredwe moyo wake wonse mommo mmene chilili, pamalo pamene inu nokha mungachilondere. Ndipo m'mawa uliwonse chizimwetsedwa poizoni, woti chizifooka pang'onopang'ono chikuona!"

Mfumu inasisita khosi lake. Kenako milomo yake inayamba kumwetulira.

"Poizoni wotereyu alipo?"

"Alipo, Mwinizonse. Timibulu toyera, tating'ono. Wodziwa kasakanizidwe kake ali ku Zizirani."

"Atuluke."

"Koma sagwira yekha ntchito, Mwinizonse. Ali ndi mnzake m'chipinda momwemo, katswiri wowiritsa madzi omwera poizoniyo. Madzi akapanda kuwira bwino, chigawenga chimangoseka."

"Atulukenso."

Lusiyano anawomba m'manja mwamphamvu kuposa kale lonse. Khamu linatsatira, koma mofooka, ndipo anthu anabalalika mwakachetechete ngati ochokera kumpira umene walephereka chifukwa cha mvula. Nkhalamba zinakwezedwanso pa mawilibala. Ogulitsa zingwe anabwera kudzatenga zingwe zawo.

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse kunkachitika Mwambo wa Chilango. Dokotala Chimphonda ankabweretsa pilisi pambale yagolide, asilikali n'kuimba lipenga, ndipo mfumu inkagwira khosi lake n'kunena kuti, "Imwa, galu iwe!" kenako n'kumeza. Anagama anawiritsa madzi masiku oyamba okha, kenako anasiyira ophika a kunyumba yachifumu n'kuthamangira kwa Tiyanjane. Anafika nthawi yabwino. Mdzukulu anabadwira m'manja mwake, mtsikana wolira mokweza ngati galimoto ya zimkuzamawu.

Patapita milungu ingapo, manja a mfumu anasiya kunjenjemera. Thukuta linauma. Thalauza linapeza pogwira. Dokotala anayezanso magazi n'kubwera ndi nkhope yosangalala.

"Mwinizonse, muyezo wafika pabwino. Tsopano tichepetse."

"Tichepetse chiyani?"

"Poizoni, Mwinizonse. Akachuluka, chithokomiro chifooka mopyola, ndipo thupi..."

"Chigawenga chayamba kumva kuwawa, inu mukuti tichichitire chifundo? Chakupatsani chiyani? Kuyambira mawa, awiri!"

Anakhala awiri. Pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mfumu anakhala atatu, kuti chigawenga nachonso chidziwe kuti kunja kuli chikondwerero.

Njinga ija, thupi la mfumu, inasiya kuthamanga, kenako inayamba kuyenda ngati ikukwera phiri. Mfumu inanenepa, nkhope inatupa, mawu anakhala aakulu ndi aulesi. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iyo inkafunda mabulangete atatu n'kumadandaula chisanu. Pabwalo la nduna inkakweza chala n'kuyamba kuti, "Kuyambira lero, ndikulamula kuti aliyense..." ndipo chala chinkatsika pang'onopang'ono, mutu n'kutsatira, mkonono n'kuyamba. Nduna zinkadikira mpaka nthawi ya chakudya, n'kutuluka monyang'ama. Popeza mawu sanathe, panalibe lamulo. Zikhatho za Lusiyano zinayamba kufewa.

Alonda a Magazi, posowa wowatuma, anabwerera kwawo kukasosa m'minda. Anyamata anatuluka m'nyumba ndi ndevu zimene ankabisa m'mipango. Anthu a kumsika anatopa kudikira boma n'kukwirira okha dzenje limene linali pakati pa msewu kuyambira nthawi ya bambo ake a mfumu. Mvula inagwa pa nthawi yake, ndipo Nduna ya Zamvula inadabwa kuposa wina aliyense. Uvuni wa Anagama unayamba kutseguka mwa apo ndi apo, kenako n'kumaiwala masiku ena. Mahomoni ake sanapepese, ndipo palibe anabwera kudzafunsa.

Tsiku lina masana Dokotala Chimphonda analowa m'tiyirumu muja nkhope ili yakugwa. Anapeza Lusiyano atakhala pabenchi, mdzukulu ali pamiyendo.

"A Kamtedza, zinthu sizili bwino. Kanzama kaja tsopano kakukuwa kuti onjezera, onjezera, koma chithokomiro tachimanga manja ndi miyendo yomwe. Mtima wa mfumu ukugunda ngati ukuchita kupemphedwa. Tikapitiriza chonchi, tsiku lina idzagona osadzukanso. Ine ndinalumbira kuchiritsa anthu. Ndiyenera kuchepetsa mapilisi, ifune isafune."

Analankhula motsitsa, koma msikawo sunatchedwe Nong'onong'o pachabe. Dzuwa lisanapendeke, ogulitsa onse anali atatseka mabenchi awo. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ufumu wa Tavomera, anthu anayenda pamsewu popanda wowatuma. A Sandalamu anali patsogolo, chikwanje chili m'mwamba, ndipo khamu linkayankha mpaka malata kunjenjemera:

"Chigawenga chisakhululukidwe! Poizoni achuluke! Chigawenga chisakhululukidwe!"

Anakafika kunyumba yachifumu. Asilikali ananyamula mfumu ndi mpando womwe n'kuiika pakhonde, itakulungidwa m'mabulangete. Inatsegula diso limodzi, inaona khamu, inamva mawuwo, ndipo msozi unatsika patsaya lotupa.

"Anthu anga," inatero pang'onopang'ono, "amandikonda. Chifukwa cha ichi, ndikulamula kuti..."

Khamu lonse linagwira mpweya. Chala chinakwera, chinaima, chinayamba kutsika. Mkonono utamveka, anthu anabwerera kumsika akuyenda ndi zala za kumapazi kuti asaidzutse.

Lusiyano sanapite nawo. Anatsala m'tiyirumu ndi mkazi wake ndi dokotala, mutu uli m'manja. Mfumuyo anali ataitumikira kuyambira ali ndi tsitsi, ndipo sankafuna kuti ife, makamaka iye ali Nduna ya Mahomoni. Komanso akayang'ana mdzukulu wake akuyamwa pa nthawi imene wafuna, sankafuna kuti chala chija chidzaimenso chilili.

"Nanga titani, mayi a Tiyanjane?" anafunsa.

Dokotala anali ataimirira kale, chikwama chili m'manja.

"Palibe chochitira mwina. Ndikupita komweko pompano."

Anagama anapukuta tebulo, anaikapo kapu yoyera, n'kuthiramo tiyi wamkaka wotentha kwambiri, wofuka nthunzi.

"Muichize ndithu, adokotala. Nayonso ndi munthu, inabadwa kwa mayi. Ife sitikufuna maliro." Anakankhira kapuyo kutsogolo, pamodzi ndi mbale ya zitumbuwa. "Koma mukuthamangira kuti? Dzuwa ili muyenda nalo bwanji? Khalani pansi, imwani kaye tiyi."

Dokotala Chimphonda anayang'ana kapuyo, anayang'ana msewu wopita kunyumba yachifumu, anayang'ananso kapuyo. Kenako anaika chikwama pansi n'kukhala. Tiyiyo anali wotentha zedi, moti anachita kumwa pang'onopang'ono, akuuzira. Atamaliza, Anagama anathiramo wina, ndipo dokotala sanakane.